Kuwala kobiriwira kuja kunandivula pagulu

Nditangowerenga zimene mwalemba pano zoti chubu chanu cha mabakiteriya a E. coli chawala mobiriwira pa nyali ya UV mutathiramo cadmium, mtima wanga wagunda. Chonde, musanauze aliyense kuti mwapanga ma quantum dots, timibulu tating'onoting'ono timene timawala pa nyali yotereyi, imani kaye. Ine zinandionekera, ndipo mpaka lero ndikakumbukira m'manja mumatuluka thukuta.

Ndinali chaka chachiwiri cha masters. Njira yopangira timibuluti ndi iyi: kulera mabakiteriya usiku wonse pa 37°C, kuwatsuka, kuthira cadmium chloride ndi cysteine (amino acid wokhala ndi sulfur), n'kudikira kuti ma enzyme awo aphwanye cysteine uja atulutse hydrogen sulfide, mpweya wonunkha mazira owola, yemwe amagwirana ndi cadmium n'kupanga timibulu ta cadmium sulfide (CdS). Miyezi inayi osaona kanthu. Ndinkangopeza matope oyera pansi pa chubu, osadziwa kuti phosphate wa mu medium, madzi olereramo mabakiteriya, ndi amene akundilanda cadmium yense. Ndiye tsiku lina madzulo ndazimitsa magetsi, ndayatsa nyali ya UV ya 365 nm, chubu nambala 7 chili ngwee ngati chiphaniphani. Ndinakhala pansi m'kachipinda kamdima kaja n'kulira ndekha.

Usiku womwewo ndinatumiza chithunzi kwa mkulu wina wa PhD amene ankandiyang'anira. Sanafunse za control (chubu choyerekezera), sanafunse za spectrum (muyeso wa kuwala kwake). Kutacha chithunzi chili pa slide yake, dzina lake pansi, langa mulibe. Ndinangomeza mate. Patapita sabata anakachionetsa pa semina, chipinda chodzaza, aphunzitsi akuluakulu ali kutsogolo. Atamaliza, mayi wina wa microbiology, wofatsa kwambiri, anakweza dzanja: "Nanga chubu chopanda cadmium chikuoneka bwanji pa nyaliyo?" M'chipinda monse zii. Mkulu uja anatembenuka, nandiloza ndi chala: "Amene anakonza zonsezi ndi uyu, ayankhe." Dzina limene linasowa pa slide linapezeka nthawi yomweyo!

Mayi aja anati tiyeni tikaone. Tinatsikira ku labu, anthu ali mbuu pambuyo panga. Ndinatulutsa flask ya mabakiteriya okhaokha, yopanda ndi dontho lomwe la cadmium. Manja ankanjenjemera moti nyali inkagunda galasi, aliyense akumva. Nditayatsa, flask ija inawala kuposa chubu changa. Wina kumbuyo anapumira m'mwamba. Mayi aja sanandikalipire, anangoti, "Mwanawe, uyu akuoneka ngati Pseudomonas, paka pa agar uone mawa." Mawa lake pambale ya agar ija panamera mitundu iwiri ya mabakiteriya. Chimene ndinalilira chija chinali pyoverdine, utoto umene Pseudomonas amatulutsa akamasaka iron. Ndipo mabakiteriya amene ndinayambira nawo aja anandipatsa ndani? Mkulu yemweyo, kuchokera mu freezer yake, machubu osalembedwa bwino. Sanapepese ngakhale kamodzi. Ankandidutsa m'khonde ngati sandidziwa, ndipo kwa apulofesa anakanena kuti ndine wosasamala. Munthu wofuna ulemu koma wothawa mlandu, zimandiwawabe.

Tsono inu, yatsani nyaliyo pa zinthu zitatu: mabakiteriya opanda cadmium, cadmium ndi cysteine popanda mabakiteriya, ndi medium yokha. Maselo amawala okha chifukwa cha makemikolo a m'kati mwawo: NADH imapereka buluu cha pa 460 nm, ma flavin amapereka zobiriwira, ngakhale medium ya LB yeniyeniyo imawala. Kenako tengani absorbance, muyeso wa kuwala kumene chubu chikumwa. CdS wamkulu amayamba kumwa kuwala cha pa 515 nm, timibulu tating'ono timayambira pansi pa nambalayi, ndipo tikamakula mtundu wa kuwala umasuntha, kuchoka ku zobiriwira kupita ku chikasu mpaka olenji. Ngati mtundu wanu uli pamodzimodzi kuyambira ola loyamba mpaka mawa, kayikirani. Onaninso msinkhu wa mabakiteriya anu. Gulu la ku University of Texas mu 2004 linapeza timibulu ta 2 mpaka 5 nm m'kati mwa E. coli, ndipo maselo a stationary phase, amene asiya kuchulukana, ankapanga tochuluka pafupifupi ka 20 kuposa amene anali akukulabe. Anga enieni anadzatuluka nditasiya kuthamangira maselo amene akukulabe ndi kuchotsa phosphate, ndipo sanali owala mochititsa kaso ayi, anali achikasu chofooka.

Musatumize chithunzi kwa wamkulu aliyense musanatsimikize, ndipo lembani deti ndi dzina lanu m'buku la labu lero lomwe. Komabe musabise kwambiri, pezani munthu wodziwa tizilombo aone msanga, poti ine ndikanapita kwa mayi aja tsiku loyamba sizikanafika pa semina. Chubu chanucho musachitaye, mwina ndi chenicheni. Cadmium asapite mu sinki, ndi poizoni, ndipo cysteine muzithira mu fume hood, kabati yokoka mpweya woipa, chifukwa cha mpweya wonunkha mazira owola uja. Mukatenga spectrum ya chubu ndi ya control ikani pano zonse ziwiri, ndidzaziona.