Makilomita 3 ndi masitepe angati?

Mayi ena andilembera pa imelo kuti amayenda makilomita 3 m'mawa uliwonse, koma alibe wotchi kapena foni yowerengera masitepe. Akufuna kudziwa kuti pa mtunda umenewu amaponya masitepe angati, komanso ngati akuyandikako pa masitepe 10,000 patsiku amene anthu amati munthu aziyenda aja.

Zikomo mayi pondilembera. Masamu ake ndi osavuta: mtunda wonse mumaugawa ndi kutalika kwa sitepe yanu imodzi. Pagona nkhani ndi pa sitepeyo, poti aliyense ali ndi yake. Munthu woponya masentimita 75 amatha kilomita ndi masitepe pafupifupi 1,333, pamene woponya masentimita 65 amafuna 1,538. Pa makilomita 3 awiriwa asiyana ndi masitepe opitirira 600 atayendera limodzi.

Pali njira yachidule yodalira msinkhu: amayi amachulukitsa kutalika kwawo ndi 0.413, abambo ndi 0.415. Ngati ndinu otalika masentimita 160, sitepe yanu ili cha m'ma 66. Njirayi ndi yongoyerekeza, ndipo ine ndimakonda kuti munthu adziyeze yekha.

Pezani malo athyathyathya, muyeze mamita 20 ndi tepi, mulembe mzere koyambira ndi kothera. Musayambire pamzere penipeni. Bwererani m'mbuyo pang'ono kuti pofika pamzerepo mukhale mutalowa kale m'mayendedwe anu a masiku onse, osati aja ojijirika a munthu amene akudziwa kuti akuyezedwa. Werengani nthawi iliyonse phazi likagunda pansi, lamanja ndi lamanzere lomwe. Bwerezani katatu n'kutenga nambala yapakati. Mukapeza 30, chulukitsani ndi 50, poti mamita 20 amalowa ka 50 mu kilomita. Mwapeza 1,500 pa kilomita, ndiye kuti ulendo wanu wa m'mawa uja ndi masitepe 4,500.

Apa ndichenjezepo, chifukwa ambiri amasokonezeka. Sitepe imayambira pa chidendene cha phazi lina kufika pa chidendene cha linzake. Koma pali muyezo wina woyambira pomwe phazi lamanzere laponda mpaka pomwe lomwelo lapondanso, ndipo amenewo ndi masitepe awiri. Mukagawa ndi muyezo wachiwiriwu, yankho lanu lichepa ndi theka, n'kumadandaula chabe kuti simukuyenda mokwanira.

Dziwaninso kuti sitepe imafupika pachitunda, mumchenga, mukatopa kapena mukasenza katundu, ndipo imatalika mukathamangirako. Choncho 4,500 muitenge ngati nambala yoyandikira.

Za 10,000 zija zisakusowetseni tulo. Nambalayi idatchuka ku Japan mu 1965, kampani ya Yamasa itayamba kugulitsa kachipangizo kowerengera masitepe kotchedwa manpo-kei, kutanthauza chowerengera masitepe 10,000. Idayamba ngati nkhani ya malonda. Mu 2019, kafukufuku wa Dr. I-Min Lee wa ku yunivesite ya Harvard ku America pa amayi achikulire adapeza kuti oyenda masitepe pafupifupi 4,400 patsiku ankamwalira ochepa poyerekeza ndi oyenda 2,700, ndipo phindulo linkakwerabe mpaka cha pa 7,500. Inuyo ngati yanu ili pafupi ndi 4,500, mukumapeza zimenezo dzuwa lisanakwere, tisanawerengere n'komwe kuzungulirazungulira kwa pakhomo ndi kuntchito. Mukafuna kufika 7,500 ndi ulendo wa m'mawa wokha, pa masitepe 1,500 pa kilomita muyenera kuyenda makilomita 5. Onjezerani pang'onopang'ono, mwina theka la kilomita pa sabata, maondo azolowere.