Kugula nyumba ya khonsolo n'kuigulitsanso msanga

Achemwali, mwafunsa ngati mungagule nyumba ya khonsolo yomwe mukukhalamo ku Leeds, ku England, kudzera mu Right to Buy (ndondomeko ya boma yolola anthu okhala m'nyumba za khonsolo kuzigula pa mtengo wochotsera), n'kuigulitsa chaka chamawa. N'zotheka, koma phindu musaliwerengere. Mukagulitsa m'chaka choyamba, mubweza ndalama zonse zomwe anakuchotserani pa mtengo pogula. M'chaka chachiwiri 80 peresenti, n'kumatsika ndi 20 mpaka zaka 5 zithe. Chowawa n'choti amawerengera pa mtengo womwe mwagulitsira, osati womwe munagulira. Zisanakwane zaka 10, khonsolo ndiye muyambe mwaifunsa ngati ikuifuna.

Kuchotserako nakonso kunachepa mu November 2024, kufika pa £16,000 mpaka £38,000 malinga ndi dera. Ikakhala fulati, denga la mdadadawo likayamba kudontha, bilu yokonzetsera idzakupezani pakhomo.