Kodi "kujambula ndi chitsulo" ndi Chichewa cholondola?

Funso: Ndimaphunzira sayansi ku Chirunga, ndipo andipempha kukafotokoza pa wailesi za kafukufuku wogwiritsa ntchito zitsulo poona amyloid mu ubongo. Kodi ndinene kuti "kujambula ndi chitsulo"? Nanga amyloid tizimutchula kuti chiyani?

Yankho: Mwafunsa bwino, koma mawu awiri onsewo muwasiye. Kujambula ndi kwa mwini kamera, pomwe wodwala wochokera ku chipatala amati "andiunika", ndipo akunena zoona, chifukwa kuunika ndi mbale wake wa muuni, woonetsa zobisika mu mdima.

Chitsulo ndiye chimandipweteka mtima. Mawuwa amachokera ku kusula, ndipo amanena za chimene mmisiri amasula nkukhala khasu kapena nkhwangwa. Masiku ano chilichonse cholimba akungochitcha chitsulo, chonsecho agogo anga ku Jali sankasokoneza chitsulo ndi mkuwa wa makwinjiri awo, ngakhalenso ndi mtovu. Mukanena chitsulo pa wailesi, womvera aganiza kuti madokotala akulowetsa msomali m'mutu mwa munthu. Zoona zake nzakuti ofufuza amamangirira kachidutswa kosaoneka ndi maso ka mkuwa wotulutsa cheza ku mankhwala amene amakamatirira pa amyloid (mapuloteni oundana mu ubongo), kenako makina ounikira m'thupi otchedwa PET amaona chezacho. Mkuwa wotulutsa chezawu, wotchedwa mkuwa 64, amaukonda chifukwa mphamvu yake imatsika ndi theka pakatha maola pafupifupi 13, pamene chinthu china chotulutsa cheza chotchedwa fluorine 18, chimene chikugwiritsidwa ntchito kale, chimatero pa mphindi 110 zokha. Chovuta nchakuti ubongo uli ndi mpanda wake wotchinga zambiri zoyenda m'magazi, ndipo mankhwala onyamula mkuwa savuta kutsalira kunja. Choncho nenani kuti "kuunika ubongo ndi mankhwala okhala ndi mkuwa".

Za amyloid, musayese kumasulira dzinalo. Dokotala wa ku Germany, Rudolf Virchow, analipereka mu 1854 kuchokera ku mawu otanthauza sitachi, poganiza kuti zinthuzi nzofanana ndi sitachi, koma zinadziwika pambuyo pake kuti ndi mapuloteni. Kumasulira kungakhale kutengera cholakwa cha eni ake m'chiyankhulo chathu. Lembani amiloyidi, kenako fotokozani kuti ndi mapuloteni opindika molakwika amene amaundana mu ubongo wa odwala matenda oiwalaiwala otchedwa Alzheimer. Kuundana aliyense amakudziwa, popeza waonapo mafuta a nyama ataundana m'mbale m'mawa wa mu Juni kuno ku Zomba. Ndikupemphaninso kuti matendawa musawatchule kuti misala kapena ufiti, chifukwa mawu amenewa avutitsa kale agogo ambiri osalakwa m'midzi mwathu.