Kodi tremulous amatanthauza chani?

Mnyamata wina wa Fomu 4 kwa Santhe wanditumizira imelo, akuti anapeza mawu akuti tremulous mu comprehension, pamene panalembedwa kuti "she answered in a tremulous voice". Akufunsa ngati ndi chimodzimodzi ndi trembling, komanso ngati angalembe "I was tremulous because of the cold" pa mayeso a MSCE.

Mng'ono wanga, chiganizo cha kuziziracho usalembe ayi. Ukadzuka m'mamawa mwezi wa June kuno ku Kasungu mano nkumagundana, kapena malungo akakugwira mpaka kufunda mabulangete awiri, Mzungu amati shivering. Tremulous ndi kunjenjemera inde, koma kwapang'onopang'ono, kochokera mumtima, kuja timati munthu wagwidwa nthumanzi, akuyesetsa kudzilimbitsa koma mawu akumuulula okha.

Taganizira mayi wamasiye waitanidwa kubwalo la amfumu pa mlandu wa malire a munda, achibale a malemu amuna ake akhala uko onse akumuyang'ana, iye wagwada wayamba kufotokoza, sakulira ayi komanso sakukuwa, koma mawu akutuluka ong'ambikang'ambika, otsika, mwina nkumeza kaye malovu asanapitirize. Amenewo ndiye tremulous voice. Nchifukwa chake mawuwa amakonda kuyenda ndi voice, smile ndi hand. Tremulous smile ndi kumwetulira kwa munthu amene milomo ikunjenjemera poti misozi ili pafupi, ndipo kwa ine apa mpamene mawuwa amakoma kwambiri, chifukwa amakuonetsa mantha ndi kulimba mtima nthawi imodzi.

Komatu si mantha okha. Agogo okalamba akamasaina pepala dzanja likugwedera, zilembo nkutuluka zokhotakhota, amati tremulous handwriting. Chimwemwe chodzadza mtima nachonso chimatha kunjenjemeretsa mawu chonchi.

Tsopano pa galamala, poti apa mpamene mamalikisi amathawira. Tremulous ndi adjective, amafotokoza dzina basi. Sunganene kuti "she was tremulousing", kulibe zimenezo. Ukafuna mneni gwiritsa tremble, "her hands trembled". Ukafuna kufotokoza mmene wayankhulira, "she spoke tremulously". Potchula tsindika koyambirira, TRE-myu-las.

Gwero lake ndi Chilatini, tremere, kutanthauza kunjenjemera, ndipo analowa mu Chingerezi m'zaka za m'ma 1600. Abale ake ndi tremble, tremor komanso tremendous, ndipo omalizawa kale ankatanthauza chinthu choopsa chokunjenjemeretsa asanayambe kutanthauza chachikulu zedi. Tremor uja umamumva akamakamba za chivomerezi, ngati zija zinagwedeza Karonga mu December 2009, nthaka ikamanjenjemera pang'ono amati tremor, sanena kuti tremulous.

Chinanso, awa ndi mawu a m'mabuku. Pocheza ndi anzako ukati shaky kapena nervous zakwana. Koma mu composition, makamaka yofotokoza nkhani, amagwira ntchito bwino kwabasi bola uwaike kamodzi, pamalo pamene munthu wa m'nkhani yako akuopadi koma akuyankhulabe. Yesa chonchi: mlimi wafika ku Chinkhoma ndi mabelo ake a fodya, ngongole ya feteleza ikumudikira kunyumba, ndiye akufunsa mtengo. "How much per kilo?" he asked in a tremulous voice. Lemba ziganizo zako zitatu zotere, china cha voice, china cha smile, china cha hand, unditumizire ndizione.