Mabampala a Beetle achita dzimbiri: chrome yatsopano, penti wa ufa, kapena kugula ena?

Wowerenga wina wa ku Zomba watumiza imelo yofunsa za Volkswagen Beetle ya 1972 imene malemu bambo ake anamusiyira. Injini ikuyenda bwino, bodi anaipaka kale penti, chatsala ndi mabampala. Ya kutsogolo ili ndi timadontho ta dzimbiri ndipo inapindika pang'ono kumanzere. Ya kumbuyo chrome yake ikusupuka, makamaka pafupi ndi mabawuti. Wina wamuuza kuti atumize onse awiri ku Johannesburg akawaikenso chrome, wina akuti powder coating (penti wa ufa) ndiyo yotchipa komanso yolimba, wachitatu akuti ataye zakalezo aitanitse atsopano pa intaneti. Funso lake ndi loti atsate uti.

Achimwene, musanatsate aliyense mwa atatuwo, masulani mabampalawo muwayang'ane kuseri. Mbali yowala imangokuuzani mmene chrome ilili, pomwe mbali ya m'kati, imene imasunga matope ndi madzi, ndiyo imakuuzani ngati chitsulo chidakalipo. Thirani mafuta omasulira pamanati dzulo lake, chifukwa mabawuti a Beetle ali ndi khosi la makona anayi lolowa m'bowo la bampala, ndipo mukakakamiza nati yogwira dzimbiri bawuti limazungulira n'kukulitsa bowolo. Ikakana, idulenidwe ndi sowo. Bawuti ndi lotchipa, bowo lowonongeka ndi ntchito ya wowotcherera.

Mukachotsa, palani kuseriko ndi bulashi ya waya mpaka chitsulo chioneke. Kenako gogodani ndi hamala yaing'ono kuyambira mbali ina mpaka ina. Pamene pali pabwino pamalira mokweza, pamene padyeka pamalira mogontha ndipo nthawi zina pamabooka. Yezani kuchindikala kwa chitsulo ndi vernier pamalo abwino, muyezenso pafupi ndi mabowo a mabawuti ndi m'mphepete mwa m'munsi. Ine ndimati chitsulo chikatha gawo limodzi mwa magawo atatu, musawonongerepo ndalama za chrome, popeza wopukuta adzachiperesanso n'kuchisiya chopyapyala kuposa pamenepo.

Ya kutsogolo ija muiyese kaye motere: pindani pepala la aluminiyamu lokutira zakudya, mulinyike m'madzi, mukwecheze pamadonthowo. Nthawi zambiri dzimbiri limene limaoneka lalikulu limakhala latuluka pa kabowo kochepa kwambiri n'kufalikira pamwamba. Likachoka n'kutsala timabowo tosakola chikhadabo, sambitsani, umitsani, pakani polishi wa sera, ndipo bampalayo mutha kuyenda nayo zaka zingapo ili choncho. Chikhadabo chikamakola, kapena chrome ikamatukuka m'mbali mwa dontho, dzimbiri lalowa pansi ndipo palibe polishi amene angalichotse.

Tsopano za chrome yeniyeniyo, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amaberedwa. Chimene timati chrome pa bampala ndi zitsulo zitatu zoyalidwa ndi magetsi m'matanki: mkuwa pansi, nickel pakati, chromium pamwamba. Chromium yapamwambayo ndi yopyapyala zedi, pafupifupi kota kapena theka la micron, ndipo micron imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Ntchito yake ndi kupereka kuwala kobiriwira pang'ono ndi kuletsa nickel kuthimbirira. Chimene chimateteza chitsulo ku dzimbiri ndi nickel, yomwe pa chinthu chokhala panja imafunika kufika ma micron 20 mpaka 40. Malo odziwa ntchito amaika nickel mitundu iwiri, yosawala kwambiri pansi ndi yowala pamwamba, kuti dzimbiri likaboola yapamwamba lifalikire cham'mbali m'malo motsika msanga kukafika pachitsulo. Mkuwa ndi wofewa, choncho amauika wochindikala, kuupukuta, kuuikanso, mpaka timaenje tating'ono titakwiririka.

Ndalama zambiri zimene mudzalipire zidzapita ku ntchito ya manja. Amayamba ndi kuchotsa chrome ndi nickel zakale ndi mankhwala, kenako kuwongola pamene panapindika, kudzaza maenje akuluakulu powotcherera ndi chitsulo kapena mkuwa, kenako kupukuta ndi sandipepa kuchokera pa 80 kapena 120 kukwera mpaka 320 ndi kupitirira, n'kumaliza ndi gudumu la nsalu. Chrome sibisa kanthu. Kakanda kalikonse kotsala pachitsulo kadzaonekera bwino kwambiri pamene pawala. Fila amene amisiri owongola magalimoto amapaka pabodi sagwira ntchito apa chifukwa sadutsa magetsi, ndiye chitsulo sichingamatirirepo. Wopukuta wopupuluma amakhalanso ndi vuto lake: amafafaniza mizere ya m'mphepete, amakulitsa mabowo a mabawuti, ndipo bampala imabwerako yowala koma yokhala ndi mafunde mukaiyang'ana cham'mbali.

Mukamalankhula ndi malo oika chrome, afunseni ngati amayamba ndi mkuwa, ngati nickel amaika kawiri, ngati thanki lawo limalowa bampala ya pafupifupi mita imodzi ndi theka yathunthu, komanso amene amawongola ndi ndani. Auzeni kuti mtengo womaliza akupatseni atachotsa chrome yakale, pakuti maenje enieni amaoneka nthawi imeneyo. Samalaninso ndi malo amene amachita hard chrome ya mashafuti ndi ndodo za mahaidiroliki. Imeneyo ndi chromium yochindikala yoikidwa pachitsulo mwachindunji kuti chisaperepeseke, ndipo si ntchito ya bampala. Kawalidwe nakonso kamasiyana malinga ndi mankhwala a chromium amene ali m'thanki: njira yakale ya hexavalent imapereka kuwala kobiriwira kumene galimoto za nthawi imeneyo zinali nako, pomwe ya trivalent nthawi zina imadera pang'ono. Hexavalent chromium imayambitsa khansa, n'chifukwa chake ku European Union kuyambira mu September 2017 munthu sangaigwiritse ntchito popanda chilolezo chapadera. Musayese kuchotsa chrome ndi asidi pakhomo, ndipo pachifukwa chomwechi wowotcherera asawotche pachitsulo chimene chidakali ndi chrome, utsi wake ndi woipa m'mapapo.

Ngati mwasankha kutumiza ku Johannesburg, wongolani bampalayo kuno ndi kuiyesa pagalimoto isananyamuke. Ikabwerako ndi chrome simungaipindenso kapena kuboolanso popanda kung'amba chrome. Zokotani chizindikiro chanu kuseri, jambulani zithunzi mbali zonse, ikani m'bokosi la matabwa, ndipo funsiranitu ku MRA za zikalata za katundu wotuluka kukakonzedwa n'kubwerera, kuti pobwera aonekere kuti ndi wanu wakale.

Powder coating ndi penti wa ufa wouma. Amaupopera ndi mfuti yopatsa ufawo mphamvu ya magetsi kuti ukakamire pachitsulo, kenako amauwotcha mu uvuni pa madigiri 180 mpaka 200 kwa mphindi 10 mpaka 20, kuwerenga kuyambira pamene chitsulocho chafika pa kutenthako. Umatuluka wochindikala ma micron 60 mpaka 120, ndipo umapirira miyala ya m'misewu ya fumbi kuposa penti wamba. Koma mnzanu uja sanakuuzeni kuti chrome yakale iyenera kuchoka kaye. Ufa sugwira pamalo oterera, ndipo ukaikidwa pa nickel imene yayamba kale kutukuka, zonse zidzasupukira limodzi. Kupopera mchenga kumachotsa pamene pasupuka kale, koma nickel yogwira bwino ndi yolimba, ndipo wopopera akakakamira malo amodzi amatha kupinda chitsulo chopyapyala. Njira yabwino ndi kuchotsa ndi mankhwala kenako kupopera mchenga kuti chitsulo chikhale chokhakhala. Chikayera chisagone, chipakidwe pasanathe maola 4, makamaka nthawi ya dzinja pamene dzimbiri limabwerera tsiku lomwelo.

Funsaninso mtundu wa ufa. Wa epoxy umagwira kwambiri koma dzuwa limausandutsa wotuwa ngati choko, choncho malo ake ndi pansi, makamaka uja wokhala ndi zinc. Pamwamba pakhale wa polyester, wopirira dzuwa. Malo amene amangopopera kamodzi popanda wapansi akupatsani bampala imene mwala ukangoiboola, dzimbiri liyenda pansi pa penti osaoneka mpaka chigamba chonse chitatukuka. Fila wamba amatupa mu uvuni, ndipo mtovu wodzazira umayamba kufewa pa madigiri 183, ndiye maenje adzazidwe powotcherera. M'makona a m'kati ufa umavuta kulowa chifukwa magetsi amaukokera m'mphepete, choncho polandira katundu yang'anani kuseri ndi tochi. Ulusi wa mabawuti autseke usanapoperedwe.

Adzakuonetsani ufa umene amautcha chrome. Ukangotuluka mu uvuni umawala ndithu, koma umafuna wina woonekera pamwamba kuti usathimbirire, ndipo akangouika umaoneka ngati aluminiyamu wopukutidwa. Pafupi ndi mawilikapu ndi zogwirira zitseko za chrome yeniyeni, kusiyanako munthu amakuonera patali. Ngati mukufuna penti wa ufa pa Beetle, sankhani mtundu woonekeratu kuti ndi penti, wakuda, woyera kapena wofanana ndi bodi. Galimoto yoyendera tsiku ndi tsiku imaoneka bwino choncho, kungoti amene adzafune kuigula ngati galimoto yakale yosungidwa bwino adzatsitsirapo mtengo. Pamene penti wa ufa ndimamuvomereza ndi mtima wonse ndi pa mabulaketi ogwira bampala: akuda, ndi zinc pansi.

Kugula ena ndi kosavuta pa Beetle kusiyana ndi galimoto zambiri, chifukwa inapangidwa yochuluka zedi, ndipo ku Uitenhage ku South Africa anaipanga mpaka 1979. Atsopano alipo a mitundu iwiri. Otchipa ndi achitsulo chopyapyala chokhala ndi nickel yochepa, kawirikawiri opanda mkuwa, ndipo ena amayamba madontho mvula ya chaka chimodzi isanathe. Musanagule funsani kuchindikala kwa chitsulo ndi kulemera kwake, muyerekeze ndi yanu. Ena ndi achitsulo chosachita dzimbiri cha mtundu wa 304, ambiri opangidwa ku Vietnam. Amenewa alibe choti chisupuke, akakandika mumangopukuta, ndipo akapindika amawongoleka. Kuwala kwake kumapita kuchikasu pang'ono poyerekeza ndi chrome. Maginito sakakamira pa 304, kapena amangokoka pang'ono pamene panapindidwa, ndiye mutha kuyesa pomwepo ngati wogulitsa akunena zoona.

Chimene chimagwetsa anthu poitanitsa ndi chaka. Mabampala akale a Beetle anali ozungulira, ambiri okhala ndi nyanga. Kuyambira 1968 kunabwera amakona okhala ndi mzere wakuda pakati, amene amatchedwa Europa, ndipo cha mu 1975 ku Ulaya ma indiketa a kutsogolo anasamukira m'bampala momwemo. Za ku America zinasinthanso mu 1974 chifukwa cha lamulo loti bampala ipirire kugunda pa liwiro la mamailosi 5 pa ola. Mabulaketi a mitundu imeneyi salowana. Musadalire chaka cholembedwa m'buku la galimoto chokha, popeza galimoto ya zaka zoposa 50 yadutsa m'manja ambiri. Tumizirani wogulitsa chithunzi cha bampala ndi mabulaketi, pamodzi ndi mtunda wa pakati pa mabowo m'mamilimita.

(Kwa ena owerenga: si bampala yowala iliyonse imene ili ya chrome. Peugeot 404 ndi 504 zinkabwera ndi achitsulo chosachita dzimbiri, ofunika kuwongola ndi kupukuta basi. Ya kutsogolo ya Land Rover Series inali yonyikidwa mu zinc, ndipo choyenera ndi kuinyikanso.)

Pa zimene mwafotokoza, ya kumbuyo ndikuikayikira. Chrome yosupuka pozungulira mabawuti imasonyeza kuti madzi akhala akulowera m'mabowo kwa nthawi yaitali, komanso imeneyo ndiyo imakhala pafupi ndi utsi ndi kutentha kwa injini. Hamala ikatsimikiza kuti yatha, gulani awiri onse a 304 kuti afanane mtundu, ndipo ya kutsogolo yoyambirira ija muipake mafuta muisunge pouma. Onse awiri akapezeka olimba, ndipo mtima wanu uli poti galimoto ioneke mmene bambo anu ankaiyendetsera, atumizeni akaikidwe chrome ya zitsulo zitatu, chifukwa oyambirira amakhala pagalimoto bwino kuposa ongotengera. Kuika chrome pa bampala imodzi n'kugula inayo ya 304 ndiko sindikukulangizani, mitundu idzasiyana.

Chilichonse chimene mwasankha, kuseri musakusiye. Magetsi a m'thanki safika bwino m'kati mwa bampala, ndiye chrome ya kumeneko imakhala yochepa kwambiri, ngakhale pa yatsopano ya m'sitolo. Pukutani ndi thina, pakani penti wapansi wa epoxy kapena wa zinc kawiri, pamwamba wasiliva, ukauma muthire sera woteteza dzimbiri, osaiwala m'mphepete mwa mabowo. Pomanga, lowetsani mabawuti onse a M8 momasuka kaye, muone kuti mpata wa pakati pa bampala ndi madigadi ndi wofanana mbali zonse, kenako mumange pang'onopang'ono mosinthanasinthana. Kumanga mopyola kumabonyola chitsulo pansi pa mutu wa bawuti n'kung'amba chrome. Ngati mabawuti ndi manati onse ali achitsulo chosachita dzimbiri, pakani girisi wa mkuwa pa ulusi, apo ayi amagwirana osamasukanso.