Kwa achemwali a ku Matawale ofuna zoseketsa zochezera nazo usiku

Achemwali, funso lanu lija lakwiririka ndi nkhani za mpira muguluputu muno ndiye ndati ndilifukule. Mwati bambo anu abwera kuchokera kumudzi kudzachirira kwanu atawachita opareshoni, tulo sakuliona, mukumachezera nawo mpaka pakati pa usiku ndiye mukufuna tizoseketsa ta pa foni, komanso mwamva anzanu kuntchito akutama ma late night show koma simukudziwa poyambira. Pepani ndi matendawo, achire msanga madala.

Langa ndi loti musaphatikize zinthu ziwirizi. Pali zoonera ndi madala, pali zoonera nokha ndi mahedifoni iwo akagona. Mukasakaniza mudzapezeka mukulimbana ndi batani la voliyumu thukuta lili kamukamu, bambo anu akufunsa kuti "wati chiyani ameneyu?" inu mukunama kuti netiweki yavuta.

Za madala yambani ndi Izeki ndi Jakobo, musachedwe ndi zina. Lembani mainawo pa YouTube kapena pa Facebook zibwera zambirimbiri, zithunzi zake ndi zakale zosaoneka bwino koma mawu amamveka ndipo nthabwala zake sizinasukuluke. Onse awiri adatisiya, a John Nyanga omwe anali Izeki mu 2016, a Eric Mabedi omwe anali Jakobo mu 2021, koma mpaka pano sindinaone wofanana nawo pa nkhani yodikira nthawi yoponyera mawu. Muzayang'anitsitse nkhope ya Izeki pamene Jakobo akumufotokozera chinthu mwaulemu wonse, amangoti maso tong'o ngati akumvetsa, kukhala chete kanthawi, kenako yankho lomwe atulutse ndi lokhotakhota moti Jakobo amangogwira mutu. Anthu amayamba kuseka Izeki asanatsegule nkomwe pakamwa. Ubwino wake wina nkhani zake ndi zomwe madala akuzidziwa, ngongole, ukwati, kufuna ntchito mtauni, kunamizira kudziwa chizungu, palibe choti muziwamasulira. Koma poti mwati opareshoni, muwapatse pilo azikumbatira pamimba akamaseka, ulusi usamakoke. Sindikuseka apa, kuseka ndi bala la pamimba kumawawa zedi.

Akatopa nazo sakani Tikuferanji yakale ya Manganya, ija inkaonetsedwa pa MBC. Apa ndiye macheza akula okha chifukwa Manganya yemweyo, a Michael Usi, adakakhala wachiwiri kwa Pulezidenti mu 2024, ndiye madala sangalephere kuthirapo ndemanga. Chimodzimodzi Winiko, a Bon Kalindo, amene adalowa ku Nyumba ya Malamulo mu 2014. Kaya kuno kwathu nthabwala ndi njira yachidule yolowera ndale kaya, ena atiuza. Za achinyamata a pano monga Mr Jokes ndi anzake a pa TikTok ziliko zokoma, koma muziyamba mwaonera nokha musanawapatse foni, chifukwa kakilipu kamodzi kamakhala kabwinobwino kotsatira nkubwera ndi zolaula.

Zakunja zoonera ndi munthu wamkulu sankhani zosadalira kulankhula. Mr Bean basi. Gawo loyambirira lenileni la mu 1990 muli pamene akuvutika kuonera mayeso kwa mnzake, ndi pamene akusinza mutchalitchi uku akulimbana ndi kudya switi mobisa. Ngati madala ali mkulu wampingo ameneyo amuzindikira, mpingo uliwonse uli naye wake. Mark Angel wa ku Nigeria ndi kamtsikana kaja Emanuella nazonso nzaulemu, chizungu chawo chokha chimathamanga. Anne Kansiime wa ku Uganda ndi wanu inuyo, kulalata kwake amayi ambiri amadziona.

Tsono ma late night. Dzinalo lisakupusitseni kuti muzidikira usiku pa TV, mapulogalamuwa amaulutsidwa cha m'ma 11 koloko usiku nthawi ya ku New York, kuno imakhala 5 kapena 6 koloko m'mawa anthu akupita kokatunga madzi. Ambirife timangoonera zidutswa zake pa YouTube tsiku lotsatira. Kapangidwe kake nkofanana, munthu wa suti amaima kuseka nkhani za tsikulo, kukhala pa desiki, kenako kucheza ndi mlendo wotchuka. Vuto lake nloti zambiri ndi ndale za ku America, ndiye ngati simutsata zakumeneko mudzangomva anthu akufa ndi phwete inu muli duu osadziwa kuti chaseketsa nchiyani. Jimmy Kimmel ndi Stephen Colbert ndi otero kwambiri, ine sindingakuyambitsireni amenewo. Jimmy Fallon ndi wopepuka, masewera ndi oimba, koma amaseka nthabwala zake zomwe mpaka kumenya desiki, ena zimawanyansa, ine ndili m'gulu lomwelo.

Poyambira pabwino ndi Trevor Noah wa ku South Africa, amene adayendetsa The Daily Show kuyambira 2015 mpaka 2022. Iyeyu America amaiona ndi maso a munthu wa kuno, zomwe zikumudabwitsa nafenso zimatidabwitsa. Sakani makamaka tizidutswa totchedwa Between the Scenes, pamene amangocheza ndi anthu muholo nthawi yopuma popanda zolembedwa, ndi pomwe mumaona kuti mnyamatayu mutu umagwira. Pali inanso ya mu 2018 pamene adapita kukaona agogo ake ku Soweto, imeneyo mukhoza kuonera ndi madala muziwamasulira pang'onopang'ono, gogoyo ndi amene akuseketsa kuposa mdzukulu. John Oliver ndi wa tsiku lomwe mutu uli bwino, amatenga nkhani imodzi kuisenda mphindi 20 kapena kuposa, mumaphunzirapo ndithu koma pakamwa pake sipasankha mawu, mahedifoni osaiwala.

Musamusiye wathu Daliso Chaponda, uja adafika pa nambala 3 pa Britain's Got Talent mu 2017 m'modzi mwa oweruza, Amanda Holden, atamudinira golden buzzer, batani lomudumphitsa molunjika kupita ku ma semi-final. Onerani kilipu yoyamba ija mumve mmene akuwasekera azungu kwawo komwe iwo nkumaomba m'manja. Zina zake nzachikulu, nayenso ndi wa gulu la nokha.

Pa nkhani ya bandulo, musaonere mwachindunji usiku uliwonse, mudzalira. Pa YouTube tsitsani kwalite ifike 240p kapena 360p, nthabwala sizifuna HD, ndipo zimitsani autoplay chifukwa mukasinza foni imapitiriza yokha mpaka kukudyerani zonse. Kuli bwino kugula bandulo ya usiku nkudawunilodiratu zingapo, kapena ngati muli ndi wachibale wa ku Chanco akutsitsireni pa wifi. Njira ina yosavuta, tengani memori khadi mupite kwa anyamata a malaputopu aja a kumsika kapena ku Mpondabwino, muwauze mwachindunji kuti mukufuna Izeki ndi Jakobo ndi Mr Bean, mukangoti "zoseketsa" akudzazirani zawozawo. Muionere pomwepo musanalipire. Ndipo foni muzitchajiratu masana, magetsi akathima 9 koloko macheza asathere panjira.

Amene ali ndi za Kwathu Drama Group zakale aponye muno kapena awatumizire achemwaliwa ku inbox, madala amsinkhu umenewo amazikonda. Achemwali mutiuzenso ngati TV yanu imalola flash, kuti asamavutike kusuzumira pa kafoni.