Kamera idikire kaye achemwali, yambani ndi zenera

Achemwali ena okhala ku Rosettenville kuno ku Joni andilembera email, akuti amagulitsa zitenje, nsapato ndi mafuta odzola pa WhatsApp ndi Facebook koma zithunzi zawo sizikukopa anthu, nde akufunsa ngati agule kamera yeniyeni kapena akalowe sukulu yojambula, poti akufuna mtsogolomu azijambulira anzawo a geni n'kumalandirapo kenakake.

Achemwali, kamera musagule pano. Foni muli nayoyo ikukwana, chomwe chikuononga zithunzi zanu ndi kuwala. Ambiri timajambula katundu usiku titaweruka, pabedi, pansi pa babu lachikasu lija, nde chitenje chofiira chimatuluka ngati cha orenji, kasitomala akabwera kudzatenga akuti si chomwe ndinaona ichi, ndipo ulendo wina sakukhulupiriraninso. Ineyo chimandipweteka kwambiri ndi chimenechi, katundu wabwinobwino kuoneka wachabe chifukwa cha babu.

Jambulani masana pafupi ndi zenera, magetsi onse a mchipinda muzimitse, fulashi osayatsa. Kuno ku Joni dzuwa limadutsa chakumpoto, makamaka nthawi yozizira ya June ndi July, nde zenera loyang'ana kummwera limakupatsani kuwala kofewa kopanda mithunzi yakuda. Ngati lanu likulowa dzuwa lenileni pachikani nsalu yoyera yopyapyala. Gulani pepala lalikulu loyera ku shopu ya zolembera, mulikhotetse kuchoka pakhoma kutsikira patebulo osalipinda, katundu pakati, kenako pepala lina muliimike mbali yomwe kulibe zenera kuti lizibweza kuwala. Pukutani kagalasi ka kamera ya foniyo, zumu ya zala ija isiyeni, senderani nokha pafupi. Mabotolo a mafuta amavuta chifukwa amanyezimira, muziwatembenuza pang'onopang'ono mpaka dzina liwerengeke bwino.

Katundu mmodzi zithunzi zitatu basi: chathunthu, chapafupi chosonyeza nsalu kapena msoko wa nsapato, ndi china munthu atavala kapena atagwira kuti ogula aone kukula kwake. Muzijambula foni itaimirira osati itagona, pa Instagram saizi ya 4:5 (4 mulifupi, 5 mulitali) imadzadza sikirini bwino. Snapseed, apu ya pafoni yokonzera zithunzi, ndi yaulere, konzani kuwala ndi kuongola chithunzi, koma mtundu wa katundu musaukhudze, mafiluta ayi ndithu.

Za sukulu, ilipo Market Photo Workshop ku Newtown, anaiyambitsa David Goldblatt mu 1989 ndipo kwadutsa akatswiri ngati Zanele Muholi. Ndi malo aulemu, koma ndingakonde mupiteko mutajambula kale kwa miyezi ingapo, mukudziwa chomwe chikukukanikani, apo ayi fizi ingopita.

Pofuna makasitomala musayang'ane kutali. Amayi ophika mandasi ndi zitumbuwa kutchalitchi kwanu, matelala aku Yeoville, anyamata oodetsa katundu ku China Mall ndi Dragon City, onsewa amagulitsa pa status ndi zithunzi zamdima. Jambulirani awiri atatu ulere kuti mukhale ndi zoonetsa, mukatero yambani kutchaja pa katundu aliyense osati pa ola, ndipo theka la ndalama azipereka musanayambe, ngakhale akhale akumudzi kwanu. Kamera mudzaigule ndi ndalama za zithunzi zomwezo, ndipo musanaifike yambani mwagula katiraipodi kogwirira foni.